Bezaleli wa m'nthawi ya kompyuta

Kuwerenga: Eksodo 31:1-11, Miyambo 12:1, Luka 16:10

M'mabanja ambiri muli mwana mmodzi amene manja ake samva kuletsa. Mukasiya wailesi pa tebulo, pobwera mupeza ataimasula, tizitsulo take ataunjika m'mbale. Tochi yakufa sataya, mabatire otha amasunga, ndipo akapeza kompyuta amaiwala ndi nsima yomwe. Bambo amati mwanayu ndi wowononga, mayi amadandaula kuti sacheza ndi anzake, ndipo akulu a mpingo amafunsa ngati mumtima mwake mwatsala malo a Mulungu. Kodi chidwi chotere chimachokera kuti, nanga nyumba yachikhristu ichite nacho chiyani?

Buku la Eksodo likutiuza kuti pamene chihema chokomanako chidayenera kumangidwa m'chipululu, Mulungu adaitana munthu wina pomutchula dzina, Bezaleli wa fuko la Yuda, namudzaza ndi Mzimu wake. Bezaleli sadali wansembe kapena mneneri. Adali mmisiri wosula golide, siliva ndi mkuwa, wozokota miyala ndi wosema matabwa. Mutu 35 ukuonjeza kuti iye ndi mnzake Oholiabu adapatsidwanso mtima wophunzitsa ena. Choncho luso la manja ndi nzeru zopanga zinthu ndi mphatso ya Mulungu, monga momwe kulalikira kulili mphatso. Pofuna kuona m'mene mphatso yotere imaonekera masiku ano, tiyang'ane moyo wa tsiku ndi tsiku wa Donald Knuth, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wa ku America, mkhristu wa mpingo wa Lutheran.

Knuth adabadwa pa 10 Januwale 1938 mumzinda wa Milwaukee. Bambo ake adali mphunzitsi pa sukulu ya mpingo, ankaimba limba m'tchalitchi, ndiponso adali ndi kamakina kosindikizira mapepala kunyumba. Ali m'kalasi lofanana ndi Sitandade 8, kampani ina ya maswiti idayambitsa mpikisano wopanga mawu kuchokera ku zilembo za dzina la switi yake. Oweruza adali ndi mawu pafupifupi 2,500. Mnyamatayu adakhala pansi ndi dikishonale kwa masabata awiri napeza mawu pafupifupi 4,500, ndipo sukulu yake idalandira wailesi yakanema. Pofuna kupeza nthawiyo adanamizira kudwala m'mimba, ndipo bodzalo sitiliyamikira. Komabe m'mera mpoyamba: kudekha kumene kudaoneka pa mpikisanowo ndiko kudamunyamula moyo wake wonse.

Mu 1956 adapita ku Case Institute of Technology ku Cleveland, kumene adakumana ndi kompyuta yotchedwa IBM 650, chimakina chachikulu ngati makabati angapo. Ankachezera nacho usiku, kuphunzira kulemba mapulogalamu. Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene munthu amalembera makina, ndipo makinawo amatsata zolembedwazo monga ziliri, osati zimene wolembayo amaganiza mumtima. Kachilembo kamodzi kakaphonyeka, ntchito yonse imasokonekera. N'chifukwa chake anthu a luso limeneli amatha tsiku lathunthu akusakasaka cholakwa chimodzi, ndipo woonera patali amayesa kuti akungotaya nthawi.

Mu 1962 Knuth adayamba kulemba buku lotchedwa The Art of Computer Programming. Gawo loyamba lidatuluka mu 1968, lachiwiri mu 1969, lachitatu mu 1973. Mu 1977 osindikiza adamutumizira masamba oyesera a gawo lachiwiri limene ankalisindikizanso, ndipo ataona kuti zilembo ndi masamu sizikuoneka bwino, mtima udamuwawa. Adaimitsa bukulo nayamba kulemba pulogalamu yosanja zilembo, imene adaitcha TeX. Ankayesa kuti ndi ntchito ya miyezi yochepa, koma idamutengera zaka pafupifupi 10. Ataimaliza adaipereka kwaulere, ndipo mpaka lero akatswiri a masamu ndi sayansi padziko lonse amalembera m'menemo. Kenaka adabwerera ku buku lake lija. Gawo 4A lidatuluka mu 2011, ndipo 4B mu 2022, iye ali ndi zaka 84. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Luka 16:10 akutikumbutsa kuti kukhulupirika kumayesedwa pa zazing'ono, ndipo munthu uyu adapereka zaka 10 kuti chilembo chikhale pamalo pake.

Chinthu china chimene chiyenera kutigwira mtima ndi m'mene amalandirira chidzudzulo. Knuth adalengeza kuti aliyense woyamba kupeza cholakwa m'mabuku ake adzalandira cheke ya madola 2 ndi masenti 56. Adasankha 256 chifukwa ndi 16 kuchulukitsa ndi 16, nambala imene olemba mapulogalamu amakumana nayo kawirikawiri. Ambiri olandira machekewo sadapite nawo kubanki, adawapachika pakhoma ngati ulemu. Kuyambira 2008, chifukwa cha akuba a m'mabanki, adasiya macheke enieni nayamba kutumiza zikalata zothokoza. Taganizirani, abale: munthu amene adalandira mphoto ya Turing mu 1974, mphoto yapamwamba koposa pa maphunziro a kompyuta, akulipira wophunzira wamba chifukwa chomuonetsa polakwa. Ife timadziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo Miyambo 12:1 ili ndi mawu olimba kwa wodana ndi chidzudzulo. Koma ndi angati mwa ife, abusa, akulu a mpingo, abambo ndi amayi a m'nyumba, amene timathokoza wotiwongolera? Kawirikawiri timamusungira mangawa.

Nanga makinawo sadamulamulire? Apa mpamene pali phunziro kwa achinyamata. Pa 1 Januwale 1990, atagwiritsa ntchito imelo kwa zaka pafupifupi 15, Knuth adasiya kukhala ndi adiresi ya imelo. Adafotokoza kuti ntchito yake imafuna kufika pansi penipeni pa nkhani, ndipo zimenezo sizitheka munthu akamadodometsedwa ndi mauthenga mphindi iliyonse. Polemba amayamba ndi pensulo ndi pepala, kenaka n'kupita pa kompyuta. M'nyumba mwake muli limba la mapaipi oposa 800 limene amaimba akapumula. Munthu wodziwa kompyuta mkati ndi kunja adadziikira malire, pamene ife amene timangodziwa kutsetsereka chala pa foni timalephera kuizimitsa ngakhale pa nthawi ya ulaliki.

Luso lake adalowa nalonso m'tchalitchi. Atapemphedwa kutsogolera kalasi ya Baibulo pa mpingo wake ku California, adagwiritsa ntchito njira ya akatswiri a masamu: ukafuna kudziwa chinthu chachikulu, tapa pang'ono mbali zonse, monga mayi amatapira chimanga m'matumba osiyanasiyana pofuna kudziwa ngati chafumbwa. Adasankha mutu 3 ndime 16 ya buku lililonse, ndipo adapeza ndime 59, popeza mabuku ena, monga Obadiya, Hagai, Filemoni ndi Yuda, ndi aafupi. Ndime iliyonse adaifufuza mozama, kuwerenga zimene akatswiri a Malemba adalembapo, ndipo mu 1990 adatulutsa buku lotchedwa 3:16 Bible Texts Illuminated. Pa 10 Januwale 2018, tsiku limene adakwanitsa zaka 80, nyimbo ya limba imene adaipeka potsata buku la Chivumbulutso idaimbidwa koyamba mumzinda wa Piteå ku Sweden.

Wina anganene kuti izi n'za kunja, kumene zipangizo zili mbwee. Koma kwathu kuno tili ndi umboni wa William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Ali mwana ankamasula mawailesi pofuna kudziwa kumene mawu amachokera, mpaka adayamba kukonzera anthu. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pa sukulu chifukwa chosowa fizi, ankapita ku laibulale yaing'ono ya kwawo, kumene adapeza buku la chithunzi cha makina oyendera mphepo. Ndi mitengo ya bulugamu, njinga yakutha, dayinamo ndi zitsulo zotola, adamanga makina amene adayatsa mababu m'nyumba ya makolo ake. Anthu ankamunena kuti wapenga. Mu 2014 adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America.

Tsono makolo, musafulumire kuthamangitsa mwana wotere, koma mumuyang'anitsitse. Pali kusiyana pakati pa mwana amene amapanga kanthu ndi amene amangodyedwa ndi foni. Wopanga kanthu amatha kukuonetsani chimene wapanga ndi kukufotokozerani m'mene chikuyendera, ndipo akalephera amayesanso. Mufunseni, ngakhale simumva zonse. Mpatseni wailesi yakufa kuti asagwire yamoyo. Muuzeni kuti aphunzirire pa mabatire, chifukwa magetsi a m'nyumba amapha. Muikireni nthawi ya ntchito zapakhomo, ya sukulu, ya mapemphero ndi ya kugona. Ndipo inu a mpingo, zokuzira mawu zikavuta Lamulungu, mwanayu muimikeni pafupi ndi wokonza kuti aphunzire, adziwe kuti nyumba ya Mulungu ili ndi malo a manja ake.

Inunso achinyamata, kumbukirani kuti luso lomwelo limene lidasula zipangizo za chihema ndi limenenso lidasula mwanawang'ombe wagolide pa Eksodo 32. Nzeru za foni ndi kompyuta zimene ena akuthandiza nazo zipatala ndi alimi, ena akubera nazo amasiye ndalama za pafoni. Mphatso ndi ya Mulungu, koma chimene mudzapange nayo mudzayankha ndinu.

Tipemphere: Atate wakumwamba, Inu amene mudaitana Bezaleli pomutchula dzina, tipatseni maso oona mphatso zimene mwaika mwa ana athu. Apatseni kudekha, mtima wolandira chidzudzulo ndi mphamvu yolamulira zipangizo zawo, kuti ntchito ya manja awo ithandize anzawo ndi kulemekeza dzina lanu. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.