Mau a Cizungu Okankha Tsiku

Pa 4 July 2017, mbandakuca, moto unanyeketsa mbali yaikulu ya City Market mu Lusaka, ndipo katundu wa amalonda ambirimbiri unasanduka phulusa. M'mawa mwace Pulezidenti Edgar Lungu analengeza malamulo apadera a citetezo potsata gawo 31 la Malamulo a Dziko. Malamulo otere amatha pa masiku 7 ngati aphungu sanawavomereze, koma Nyumba ya Malamulo inalola kuti apitirire masiku 90. Pa Cizungu zonsezi zikwana m'kaliu kamodzi, "extend", ndiko kutalikitsa cinthu cimene ciri kale pa ulendo.

Ife tiri nao mau athu: kuzengereza, kucedwetsa, kuimika, kukankhira kutsogolo. Koma mapepala a kubanki, a kukhoti ndi a kukhonsolo amadza m'Cizungu, ndipo mai wogulitsa salaula amaikapo dzina lace asanamve kusiyana kwa mau ooneka ngati apacibale.

"Postpone" ndi liu lacifundo, pakuti kawirikawiri limadza ndi tsiku lina. Makolo akumbukira caka ca 2024, pamene kolera inavuta: masukulu anayenera kutsegulidwa pa 8 January, boma linakankhira pa 29 January, kenaka pa 12 February. Ana anacedwa, koma analowa m'kalasi. "Adjourn" ndi wa kukhoti ndi kumisonkhano: nkhani yayambika, aiimika pakati. Woweruza akaonjezapo mau a Cilatini akuti "sine die", dziwani kuti tsiku lobwereranso silinachulidwe. Ena amapita kwao akusekera, kuyesa kuti apulumuka. Akuluakulu anati mlandu suola.

Liu lofunika kulicenjerera koposa ndi "defer", pamodzi ndi mnzace "grace period". Pano mpamene anthu amapunthwa, pakuti Mkhristu akamva "grace" mtima wace uthamangira ku caulere ca Mulungu. Kwa wokongoza ndalama tanthauzo lace ndi masiku owerengeka amene sakugogoda pa khomo panu. Ngongole iri pomwepo, ndipo nthawi zambiri ciongoladzanja cimangokulabe mwakacetecete. Wa kaloba ku Kabwata kapena ku Chelstone sadziwa mwina mau amenewa, koma akati "mudzalipire mwezi wa mawa" masamu ace ndi omwewo.

Dziko lathu lomwe linalawa zimenezi. Mu September 2020 boma linapempha eni ngongole ya Eurobond kuti alole kukankha malipiro a ciongoladzanja kwa miyezi 6. Iwo anakana. Masiku 30 oyembekezera anatha pa 13 November, madola 42.5 miliyoni sanalipidwe, ndipo Zambia inakhala dziko loyamba mu Africa kulephera kulipira ngongole m'nyengo ya mliri wa Covid-19. Mu June 2023, ku Paris, maiko otikongoza anagwirizana za ngongole ya madola 6.3 biliyoni: nthawi yobweza inatalikitsidwa kufikira caka ca 2043. Mpumulo ndithu, sitikana. Komabe khanda lobatizidwa caka cimeneco lidzakhala ndi zaka 20 pamene gawo lomaliza lidzalipidwa.

Nkofunika kukumbukira kuti Mpingo unasankha liu lina. Papa Yohane Paulo II, m'kalata yace ya 1994 yokonzekera Jubile ya 2000, anapempha kuti ngongole za maiko osauka zicepetsedwe kwambiri, kapenanso zifafanizidwe, monga mwa mzimu wa Levitiko 25. Kuno kwathu gulu la Jubilee-Zambia, lotsogozedwa ndi likulu la Ajezwiti la JCTR, linasonkhanitsa masaini a anthu pofuna "cancel", ndiko kufafaniza, osati kukankha tsiku. Mu April 2005 Zambia inakwaniritsa zofunika za ndondomeko ya HIPC, ndipo gawo lalikulu la ngongole yakunja linakhululukidwadi.

Conco pepala la ngongole likafika pa thebulo lanu ku msika, funsani mwana wa sukulu kapena mnzanu wa m'Mphakati akuwerengereni pang'onopang'ono, mufune zinthu ziwiri: tsiku latsopano lolipira, ndi ndalama zonse zimene mudzakhala mutapereka pofika tsikulo.