Kudziwa nchito n'kwina, kuyang'anira anchito n'kwina: maphunziro amene akapitao afunikira

Pa malo ambiri a nchito m'cigawo ca kum'mawa, munthu amakwezedwa kukhala kapitao cifukwa ca luso la manja ake. Mmisiri amene khoma lake limaima coongoka, kalaliki amene sasokoneza sikelo pa msika wa cimanga, kapena telala amene zobvala zake sizibwezedwa, ndiye amauzidwa tsiku lina kuti ayambe kuyang'anira anzake.

Koma udindo watsopanowo umafuna nzeru zina zimene munthuyo sanaphunzirepo. Afunika kugawa nchito, kuwerengera zipangizo, kulemba malipoti, kuthetsa mikangano ndiponso kusunga malamulo a dziko okhudza anchito. Nzeru zimenezi sizibwera pamodzi ndi kalata yomukweza pa udindo, koma zimaphunziridwa monga m'mene umisiri weniweniwo unaphunziridwira.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri madera monga Chiparamba, m'boma la Kasenengwa, pafupi ndi mzinda wa Chipata. M'caka ca 2021 dera la phungu aliyense wa nyumba ya malamulo linali kulandira K1.6 miliyoni ya citukuko kucokera ku thumba la CDF. M'caka ca 2022 ndalamazi zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo m'caka ca 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni.

Gawo lalikulu la ndalamazi limapita ku nchito zomanga zipinda zophunziriramo, zipatala zazing'ono, nyumba za aphunzitsi ndi maulalo, komanso kukhoma madesiki. Boma limalimbikitsa kuti nchito zotere zizipatsidwa kwa makontilakita ndi magulu a m'deralo. Motero amisiri amene kale anali kugwira nchito okha, kapena ndi mnyamata mmodzi wowapatsira njerwa, tsopano akupezeka akutsogolera anthu khumi kapena makumi awiri.

Tiyerekeze mmisiri womanga wa ku Chiparamba amene wapatsidwa ukapitao pa nchito yomanga zipinda zitatu za sukulu. Kuyala njerwa amakudziwa bwino. Koma ngati sanawerengere matumba a simenti ofunika pa mlungu wonse, anchito adzakhala pansi tsiku lathunthu akudikira galimoto, pamene malipiro awo akuwerengeka.

Ngati sanaike munthu wothirira konkire madzi kwa masiku osacepera 7, pansi padzang'ambika ana asanayambe kuphunziriramo. Ndipo ngati salemba m'buku za amene abwera ku nchito tsiku lililonse, pa mapeto a mwezi padzabuka mkangano wa malipiro umene iye sadzatha kuuthetsa. Zolakwa zitatu zonsezi zikucokera ku kayang'aniridwe ka nchito, ngakhale kuti khoma lenilenilo lamangidwa bwino.

Kodi maphunziro a oyang'anira anchito amaphunzitsa ciani?

Coyamba ndi kukonzeratu nchito: kudziwa cimene ciyenera kuyamba ndi cimene citsatire, anthu angati afunika pa gawo lililonse, ndi masiku angati amene gawolo lidzatenga. Caciwiri ndi kusunga mabuku a zipangizo, a maola a nchito ndi a ndalama. Cacitatu ndi kulankhula ndi anthu, kutanthauza kupereka malangizo omveka, kumvetsera madandaulo ndi kudzudzula munthu pambali osamucititsa manyazi pa maso pa anzake. Cacinai ndi citetezo pa malo a nchito, ndipo cacisanu ndi kuphunzitsa ena.

Luso lophunzitsa ena lili ndi mbiri yake. Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya pa dziko lonse, amuna ambiri odziwa nchito ku United States anapita ku nkhondo, ndipo mafakitale anadzaza ndi anthu atsopano. Boma la dzikolo linayambitsa maphunziro afupiafupi a akapitao ochedwa Training Within Industry.

M'maphunzirowo kapitao anali kuphunzira njira zinai zophunzitsira munthu watsopano. Ayambe wamukhazika mtima pansi ndi kudziwa zimene akudziwa kale. Kenaka amuonetse nchitoyo pang'onopang'ono, akufotokoza cifukwa ca gawo lililonse. Atatero amusiye ayese yekha iye akuonerera, ndipo pomaliza azibwerako kudzaona m'mene zikuyendera kufikira munthuyo atazolowera. Mfundo yaikulu inali yakuti wanchito akalephera kuphunzira, mlandu uli pa womuphunzitsa.

Nkhondo itatha, njirazi zinafika ku Japan, kumene makampani monga Toyota anazigwiritsa nchito pamodzi ndi cizolowezi cokonza zinthu pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, cimene amacicha Kaizen. Muno m'Zambia, bungwe la Kaizen Institute of Zambia linakhazikitsidwa mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan kuti liphunzitse njira zimenezi m'makampani ndi m'maofesi a boma.

Mbali ina imene kapitao sayenera kuinyalanyaza ndi ya malamulo. Lamulo la za nchito la Employment Code la m'caka ca 2019 linanena kuti pangano la nchito la miyezi 6 kapena kuposerapo lizikhala lolembedwa. Linaikanso maola 48 monga malire a nchito ya pa mlungu kwa anchito ambiri, ndipo linati maola oonjezera azilipiridwa pa mlingo wa malipiro a ola limodzi ndi theka.

Lamulo lomwelo linaletsa kucotsa munthu nchito cifukwa ca khalidwe kapena kagwiridwe kake ka nchito asanapatsidwe mpata wofotokoza mbali yake. Linapatsanso mzimai wa pa nchito ufulu wopuma tsiku limodzi pa mwezi popanda kupereka cikalata ca ku cipatala. Kapitao wosadziwa zimenezi akhoza kuthamangitsa munthu mwaukali m'mawa, madzulo ake mwini kampani n'kuitanidwa ku ofesi yoona za anchito.

Pa za citetezo, lamulo la umoyo ndi citetezo ca anchito la m'caka ca 2010 linalamula kuti pa malo pamene pali anchito 10 kapena kuposerapo pazikhala komiti yoona za citetezo. Munthu akabvulala pa nchito, nkhani yake iyenera kuperekedwa ku bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, ndipo lipoti loyamba la m'mene ngoziyo inacitikira kawirikawiri limacokera kwa kapitao.

Nanga maphunzirowa amapezeka kuti?

Bungwe limene limayang'anira maphunziro a luso la manja ndi a zamalonda m'dziko lino ndi TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 1998. Bungweli limalembetsa masukulu a luso, kubvomereza zimene amaphunzitsa ndi kuyendetsa mayeso. M'cigawo ca kum'mawa, ena mwa masukulu a boma otere ndi Chipata Trades Training Institute mu mzinda wa Chipata ndi Ukwimi Trades Training Institute.

Kwa amisiri amene anaphunzira nchito pa manja a atate awo kapena a mmisiri wina popanda kulowa m'kalasi, pali mwai wolemba mayeso a umisiri ochedwa trade test. TEVETA imazindikira luso limene munthu analipeza kale pa nchito, kotero kuti mmisiri wa zaka zambiri angathe kuyesedwa ndi kulandira satifiketi osayambanso pa ciyambi. Pepala limeneli limathandiza pofunsira nchito ndiponso pofuna kupitiriza maphunziro.

Kwa a nchito zomanga, bungwe la National Council for Construction, limene limalembetsa makontilakita m'magulu 6 malinga ndi kukula kwa nchito zimene angakwanitse, lili ndi sukulu yake yophunzitsa kuyang'anira nchito zomanga nyumba ndi misewu. Kwa a m'maofesi, University of Zambia ili ndi ofesi yake ya m'cigawo ku Chipata, kumene anthu a pa nchito amaphunzira atawerukako. Sukulu ya NIPA ku Lusaka, imene inayamba m'caka ca 1963, imaphunzitsa za kayendetsedwe ka nchito, ndipo ena mwa maphunziro ake munthu amacita ali kwao.

Funso limene ambiri amafunsa ndi la ndalama. Njira yoyamba ndi ya olemba anthu nchito. Kuyambira pa 1 January 2017, makampani amalipira msonkho wa citukuko ca luso, umene ndi theka la kwaca pa K100 iliyonse ya malipiro a anchito awo. Msonkhowu umatoleredwa ndi bungwe la ZRA, ndipo lamulo sililola kuudula pa malipiro a wanchito. Gawo lina la ndalamazi limathandiza makampani kuphunzitsa anthu amene ali kale pa nchito, mogwirizana ndi masukulu olembetsedwa ndi TEVETA. Wanchito ali ndi cifukwa cokwanira cofunsira abwana ake ngati kampani yao inayesapo kupempha thandizo limeneli.

Njira yaciwiri ndi thumba la CDF lomwe lija. Kuyambira m'caka ca 2022, gawo lina la ndalamazi limalipirira acinyamata osowa maphunziro a luso. Pempho limayambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi, kenaka limapita ku komiti ya CDF ndi ku khonsolo. Okhala ku Chiparamba ayenera kufunsa kwa khansala wao kapena ku khonsolo ya Kasenengwa za nthawi imene mafomu amalandiridwa, cifukwa wocedwa amadikira caka cina.

Pali cenjezo limodzi lofunika. Pamene anthu ofuna maphunziro acuruka, pamabukanso ena amene amacita lendi cipinda, kusindikiza mapepala okongola ndi kutolera ndalama. Musanalipire ngwee iliyonse, pemphani kuona cikalata cosonyeza kuti sukuluyo inalembetsedwa ndi TEVETA, kapena ndi Higher Education Authority ngati ndi yunivesite. Funsaninso amene adzapereka satifiketi, ndipo ngati ndi maphunziro aatali, tsimikizani kuti bungwe la ZAQA limawazindikira. Landirani lisiti pa ndalama iliyonse imene mwapereka.

Ndi bwinonso kufunsa ngati maphunzirowo ali ndi nthawi yoyeserera pa malo enieni a nchito. Kuyang'anira anthu sikuphunziridwa pa bolodi pokha. Wophunzira afunika kulemba yekha ndondomeko ya nchito ya mlungu, kudzaza lipoti la ngozi ndi kuyesa kuweruza mkangano wa anchito awiri, mphunzitsi akumuongolera.

Nawonso olemba anthu nchito ali ndi mbali yao. Kapitao akabwera ku maphunziro ndi njira zatsopano, koma abwana n'kumuuza kuti pano timacita monga mwa kale, ndalama zimene zinalipiridwa zapita pacabe. Afunika kupatsidwa mpata woyesa zimene waphunzira, ndi mphamvu zoimitsa nchito pamene waona kuti moyo wa munthu uli pa ngozi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri amene wapirira zaka zambiri kufikira manja ake atadziwa nchito, angathenso kupirira milungu kapena miyezi yowerengeka kuti adziwe kutsogolera anzake. Phindu lake lidzaoneka pa sukulu imene yatha pa nthawi yake, pa anchito amene alandira malipiro ao popanda mkangano, ndi pa kontilakita wa ku Chiparamba amene khonsolo idzamuitananso caka camawa.