Njira Yopita ku Digiri ya Unamwino Ili ndi Zipata Zingati?

Ambiri a ife tili ndi alongo athu, azakhali kapena achimwene amene amagwira ntchito ya unamwino pa chipatala ku Mangochi, ku Monkey Bay, ku Malindi kapena ku Namwera. Kawirikawiri timawamva akunena kuti, "Chaka chino ndalemberanso sukulu." Chaka chimatha, dzina osatuluka. Kodi chimavuta n'chiyani? Tiyeni tione bwino pamodzi.

Poyamba tidziwe kuti anamwino onse si ofanana, ngakhale yunifomu ikuoneka yofanana. Ochuluka m'zipatala zathu za kumidzi ndi amene anaphunzira zaka 3 m'makoleji a mishoni omwe ali pansi pa bungwe la CHAM, monga St Joseph ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona ndi St Luke's ku Malosa. Amenewa amatuluka ndi dipuloma. Pamwamba pawo pali a digiri, amene amaphunzira zaka 4. Pamwambanso pali a digiri yachiwiri yotchedwa Masters, ndipo ambiri mwa iwo ndiwo amaphunzitsa anzawo ndi kuchita kafukufuku. Malipiro ndi udindo zimakwera malinga ndi makwerero amenewa, n'chifukwa chake aliyense amafuna kukwera.

Chipata choyamba ndi satifiketi ya Fomu 4. Yunivesite imafuna makirediti 6 a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa unamwino amayang'ana kwambiri Biology, Masamu ndi Physics kapena Chemistry, zomwe kale zinali phunziro limodzi la Physical Science. Kirediti imathera pa 6. Amene anapeza 7 anakhoza ndithu, koma si kirediti. Choncho namwino amene wabereketsa amayi mazanamazana akhoza kubwezedwa chifukwa cha 7 amene anapeza pa Masamu ali ndi zaka 18. Ena amachita kubwerera kukalembanso mayeso a MANEB pamodzi ndi ana amene anawalandira okha pobadwa. Vutoli limakula kwa amene anaphunzira m'sukulu za CDSS zopanda labotale.

Chipata chachiwiri ndi kuchepa kwa malo. Kamuzu College of Nursing inatsegulidwa mu 1979, ndipo kwa zaka zambiri inali sukulu yokhayo yopereka digiri ya unamwino m'dziko muno. Mu 2021 inaphatikizidwa ndi College of Medicine n'kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Lero Mzuzu University ndi Catholic University ya ku Nguludi nazonso zimapereka digiriyi, komabe ofuna malo ndi ochuluka kuposa mipando. Sukulu siingangowonjezera ophunzira mmene yafunira, pakuti wophunzira aliyense ayenera kukaphunzira ntchito m'mawodi pamaso pa mphunzitsi, ndipo bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limayang'anira zimenezi. Apa tsono munthu akhoza kukwaniritsa zonse zofunika koma osatengedwa.

Chipata chachitatu ndi mapepala. Wofuna Masters amafunsidwa digiri yoyamba, chikalata cha magiredi a maphunziro ake onse, umboni woti analembetsa ku bungwe la anamwino, makalata a anthu omuchitira umboni, ndiponso zaka zingapo za ntchito. Ndalama yofunsira malo amalipira ku banki ndipo siibwezedwa. Tangoganizani namwino wa ku Makanjira, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma. Kuti afike ku banki ayenera kusiya odwala tsiku lathunthu, ndipo fomu ya pa intaneti imafuna netiweki yabwino. Pepala limodzi likachedwa, ndiye kuti adikirenso chaka china.

Chipata chomaliza chimabwera dzina litatuluka kale. Fizi iyenera kupezeka, pamene munthuyo ali ndi banja ndiponso abale amene amadalira malipiro ake. Afunikanso chilolezo cha kuntchito. Pa chipatala chaching'ono pamene pali anamwino awiri okha, mmodzi akachoka, winayo agwira usana ndi usiku. Akuluakulu akamazengereza kumulola, sikuti nthawi zonse ndi nkhanza; nawonso amaganizira amayi oyembekezera amene atsale.

Pa zipata zinayi, chimene ife tingachitepo kanthu lero ndi choyambacho. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Makolo athu okondedwa, mwana wanu akamalowa Fomu 3, funsani maphunziro amene wasankha, ndipo musalole kuti athawe sayansi chifukwa anzake akuti ndi yovuta. Abambo athu ansembe, polengeza za malo a m'makoleji pa Misa, tchulaninso makirediti ofunika, kuti ana a ku pulayimale amve msanga. Nafenso anyamata, pa holide tisamangopita kunyanja; tikhale pansi ndi alongo athu ndi ang'ono athu, tiwathandize Masamu. Giredi imene mwana apeze mu Fomu 4 idzamutsata mpaka tsiku limene adzalembere digiri.

Wophunzira wa Fomu 3