KUSAMBA M'MANJA: MAU KWA MAFUMU NDI ALIMI

Inu mafumu, nyakwawa ndi alimi a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, mudziwa kuti dzinja ndiyo nyengo ya nchito. Koma ndiyonso nyengo ya nthenda za m'mimba, monga kamwazi ndi kolera. Munthu akagona pamphasa nthawi yopalira, udzu ulanda munda wace, ndipo nkhokwe yace siidzadzala. Cifukwa cace ife alangizi a ulimi tilankhula nanu za manja.

Kumbukirani mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga m'mwezi wa March 2022. Unafika m'maboma onse a dziko lino. Anthu oposa 58,000 anadwala, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Mu January 2023 ana a mumzinda wa Lilongwe anacedwa kuyamba sukulu cifukwa ca nthenda yomweyo.

Kolera siicokera ku ufiti ai. Tizirombo tace, tosaoneka ndi maso, tikhala m'zonyansa za munthu. Kucokera m'menemo tilowa m'madzi ndi m'cakudya, ndipo kawirikawiri cotinyamula ndi dzanja.

Mwambo wathu uli wabwino, pakuti palibe adya nsima wosasamba. Koma tilakwa pa cinthu cimodzi: tisamba tonse m'mbale imodzi. Akulu ayamba, ana atsiriza. Woyamba asiya litsiro lace m'madzimo, wotsiriza alitola, ndiye mwana wanu. Cotero citani izi:

1. Musabviike manja m'mbale. Wina atunge madzi ndi cikho, nathirire mnzace. Madzi otsikawo atayidwe.

2. Sambani ndi sopo, kupakasa bwino pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Sopo akasowa, tengani phulusa loyera la pamoto.

3. Sambani pocokera kucimbudzi, mutatawitsa mwana, mutagwira manyowa a m'khola, musanaphike, musanadye, ndiponso musanadyetse mwana.

4. Pafupi ndi cimbudzi ikani mpondagiya: kagubu ka madzi kopacikidwa pamtengo, komangidwa ndi cingwe ku kamtengo kopondapo. Mukaponda, madzi atsika, ndipo dzanja silikhudza kagubuko.

5. Popita kumunda kapena kudimba, nyamulani madzi osamba musanadye cimene akubweretserani.

Inu mafumu, nchito yaikuru iri kwa inu. Pa maliro ndi pa ukwati anthu ambiri adyera pamodzi, ndipo mbale imodzi ikhoza kudwalitsa mudzi wonse. Ikani mnyamata wothirira anthu madzi, ndipo muyambe ndinu kutambasula manja anu. Anthu akaona mfumu itero, sadzayesa cipongwe.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi, mpatseni Thanzi amwe kosaleka, ndipo mumtengere msanga kucipatala ca pafupi, monga ca ku Kabudula kapena ca ku Namitete. Musadikire kuti kuce, pakuti kolera ikhoza kupha munthu wamphamvu tsiku lomwelo.