Galimoto yokana kulira ikatentha: yambani mwayeza kawaya musanagule sitata ina

Ife amene timagona ku Bradford, Leeds kapena Hull n'kumakagwira ntchito kuminda tikuidziwa galimoto ya khalidwe ili. M'mawa 5 koloko, chisanu chitagwira galasi, mukangopotokola kiyi yalira. Mwayenda ola lathunthu pa M62, mwaima pomwetsera mafuta, mukuti mulizenso, ikungoti "tha" kamodzi, kenako zii. Mukadikira theka la ola ilira bwinobwino ngati sinalakwe.

Yathu inkatero chilimwe chatha, tikupita kukathyola nkhaka m'nyumba zamagalasi kufupi ndi Hull. Tinalimo anthu asanu, tonse olipidwa pa ola. Galimoto ikanyanyala, makomo asanu aluza. Ndipo amene muli pa kontirakiti yopanda maola otsimikizika mukudziwa kuti kapitawo sakalipa ayi, amangosiya kukuimbirani sabata yamawa. Kwathu ku Limbe minibasi yotere amangoiimika potsetsereka, anyamata n'kukankha. Kuno mukankha ndi ndani, pakati pa malole?

Tinayamba ndi kugula batire yatsopano. Ndalama zinapita, vuto linatsala. Tili pafupi kusonkherana za sitata, yomwe pamodzi ndi womanga imadutsa mapaundi 100, mkulu wina wa ku Chipata amene amakonza magalimoto kuseri kwa nyumba yake anatiuza kuti tidikire kaye, tibwere nayo ili yotentha. Anaika mita pa batire, inawerenga mavolti 12.6, kusonyeza kuti ndi yodzadza. Anaika pa kawaya kakang'ono ka pa sitata wina akupotokola kiyi, mavolti sanafike 10. Moto unkathera m'njira.

Nkhani yake ili motere. Pamwamba pa sitata pali kachitini kotchedwa solenoid. Ntchito yake ndi kukankhira kagiya m'mano a flywheel ndi kulumikiza moto waukulu wochokera ku batire. Chimene chimakadzutsa ndi kawaya kaja, kamene pa magalimoto ambiri a ku Ulaya kamapita pa mwendo wolembedwa 50. Koma moto wa m'kawayako umayenda ulendo wautali: kuchoka ku batire, kulowa m'kati mwa galimoto, kudutsa pa switchi ya kiyi ndi m'mapulagi angapo, kenako kubwereranso ku injini. Galimoto ikakalamba, polumikizira paliponse pamadyako pang'ono. Kuno zimafulumira chifukwa cha mchere umene amawaza m'misewu nyengo yozizira, umene umabweretsa dzimbiri.

Tsono onjezanipo kutentha. Sitata zambiri zimakhala pafupi ndi ekizosi. Mukazimitsa injini, madzi amasiya kuzungulira, mphepo siikuwombanso, kutentha konse kumalowerera m'zitsulo zoyandikana nazo. Waya wa kopa akatentha amakanira moto: madigiri 10 aliwonse, kukanirako kumakwera ndi magawo 4 pa 100. Solenoid yotentha imakoka mofooka, ndiye ikalandiranso moto woperewera, basi, mumangomva "tha" uja.

Mankhwala ake ndi kufupikitsa njirayo. Eni Chevrolet za injini ya V8 ku America akhala akuchita izi kuyambira kale, pomangirira solenoid ya mtundu wa Ford pa khoma la m'boneti, kutali ndi ekizosi. Eni Volkswagen Beetle ndi Kombi nawo amaidziwa nzeruyi, poti injini ili kumbuyo, kiyi ali kutsogolo, waya amapita n'kubwerera. Pa galimoto zathuzi chokwanira ndi relay wamba wa miyendo inayi, wa maampu 30 kapena 40, amene m'mashopu a zipangizo safika mapaundi 10.

Mkulu uja anayamba wachotsa waya wa negativi pa batire, ndipo apa musadumphepo, chifukwa chingwe chachikulu cha pa sitata chimakhala ndi moto nthawi zonse ngakhale kiyi ali m'thumba. Anazula kawaya ka kiyi pa sitata n'kukaika pa mwendo 86 wa relay. Mwendo 85 anaumangira pa chitsulo cha bodi atapala penti. Mwendo 30 anaupatsa waya wonenepako wochokera pa pozitivi ya batire, wokhala ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batireyo. Mwendo 87 ndiye unapita pa 50 paja. Relay anamumangirira pamwamba, miyendo italoza pansi kuti madzi asalowe. Tsopano kiyi amangodzutsa relay, amene safuna moto wambiri, ndipo solenoid imalandira moto wake molunjika kuchokera ku batire. Ola silinakwane.

Tinamufunsa za solenoid yaikulu ya Ford ija, anapukusa mutu. Amene amaimanga amalumikiza miyendo iwiri ya pa sitata ndi kachitsulo, ndipo pa sitata zamakono za maginito zimenezi zimachititsa kuti kagiya kachedwe kubwerera injini italira kale, mano n'kumadyeka.

Koma tisanamizane, relay si sing'anga wa matenda onse. Ngati injini ikuzungulira bwino koma osagwira ikatentha, sitata ilibe mlandu, kayang'aneni sensa ya crankshaft kapena mafuta. Ngati ikuzungulira mwaulesi, onani chingwe cholumikiza injini ku bodi, mwina chadyeka, kapena mabulashi a m'sitata atha. Galimoto zolizira batani, zimene kompyuta ndiyo imalamula sitata, zisiyireni amisiri a zamagetsi. Ndipo poti a inshuwalansi kuno amafuna kudziwa zimene mwasintha pa galimoto, aimbireni foni muwauze.

Chimene tikuletsa anzathu onse ndi chija cholowa pansi ndi sikuludiraiva n'kugunditsa miyendo ya sitata. Inde imalira, ife tinachitapo kawiri pa M62 pompo. Koma ikakhala kuti ili m'giya imanyamuka munthu ali pansi, ndipo moto wa pamenepo umasungunula mphete pa chala. Sikuludiraiva ija tinaibweza m'bokosi, ndipo m'malo mwake timayenda ndi relay wina wapadera ndi mafyuzi awiri, zokulunga m'kansalu pansi pa mpando wa dalaivala.