TIMAUNGU TA BABY MARROW: KALIMIDWE NDI KAPHIKIDWE KACE M'MALO MWA SIPAGETI

M'masitolo akulu a m'mizinda monga Lusaka ndi Kitwe mugulitsidwa timaungu tobiriwira, totalika ngati nkhaka, timene ogulitsa acha baby marrow. Alimi ambiri a kumidzi atiyesa ndiwo za Azungu okha, osadziwa kuti ndi abale a dzungu lomwelo limene liyanga m'minda mwao, ndi kuti tikhoza kulimidwa m'dimba liri lonse lokhala ndi madzi. Masiku ano odwala matenda a shuga ndi anthu onenepa mopitirira ali kutifuna, cifukwa tikadulidwa ngati tizingwe tilowa m'malo mwa sipageti ndi makaroni pa mbale. Cotero nkwabwino kuti alimi ndi amai a pakhomo adziwe bwino mbeu imeneyi.

Kumene tinacokera

Kwao kweni-kweni kwa mbeu iyi ndi ku America. Anthu a ku Mexico anayamba kulima makolo ace zaka monga 10,000 zapitazo, cimanga cisanayambe kulimidwa. Mbeuzo zinaoloka nyanja kufika ku Ulaya pambuyo pa ulendo wa Columbus wa m'caka ca 1492. Patapita nthawi yaitali, ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, alimi a kumpoto kwa Italy, kufupi ndi mzinda wa Milan, anasankha mtundu wobala timaungu totalika tokoma tikali tanthete. M'cinenero cao dzungu ndi zucca, ndipo timaungu iti anaticha zucchini, ndiko kunena kuti timaungu tating'ono. Ku France ndi ku Britain ati courgette, koma ku South Africa ndi kuno ku Zambia dzina lodziwika ndi baby marrow.

Sipageti nayenso atchuka ndi dziko la Italy lomwelo. Apangidwa ndi ufa wa tirigu wolimba wochedwa durum, wokandidwa ndi madzi, wofinyidwa m'tizibowo kuti utuluke ngati zingwe, ndi kuumitsidwa. Nzeru yodula timaungu kuti tifanane ndi sipageti inafala ku America ndi ku Ulaya pambuyo pa caka ca 2010, pamene anthu ambiri anafuna kucepetsa zakudya za ufa.

Kusiyana kwa zakudya ziwirizi

Sipageti ndi cakudya copatsa mphamvu, monga nsima, mpunga ndi buledi. M'magalamu 100 a sipageti wophika muli makalori pafupi-fupi 158, ndi sitaci yokwana magalamu 30. Sitaci ikalowa m'mimba isanduka shuga, ndipo shugayo alowa m'magazi. M'magalamu 100 a baby marrow muli makalori 17 okha, ndipo zosanduka shuga ndi magalamu atatu cabe, popeza mbali yaikulu ya kadzungu aka, magawo 95 mwa 100, ndi madzi. Mulinso vitamini C ndi mcere wa m'thupi wochedwa potaziyamu.

Tanthauzo lace ndi ili. Munthu akadya mbale yodzaza ya timaungu amva kukhuta, koma mphamvu imene walandira ingofika pa limodzi mwa magawo asanu ndi anai a imene akanalandira ku mbale yonga yomweyo ya sipageti. Kwa munthu wa shuga, ndi kwa kalaliki wonenepa wokhala pa mpando tsiku lonse, ici ndi cabwino, cifukwa shuga wa m'magazi sakwera msanga ndipo thupi silisunga mafuta oonjezera.

Koma cimene cithandiza mmodzi cikhoza kusautsa wina. Mlimi wogwira khasu kuyambira mbandakuca, mai woyamwitsa, ndi mwana amene ali kukula afuna mphamvu zambiri. Kwa iwo timaungu tikhale ndiwo zodyera nsima, tisalowe m'malo mwa nsimayo. Mwana wodyetsedwa timaungu tokha akhuta mimba, koma aonda. Ndiponso wodwala shuga amene amwa mapiritsi kapena abayidwa insulin ayambe wafunsa ku cipatala asanacepetse nsima kapena sipageti, cifukwa mankhwala akapeza cakudya cacepa shuga atsika kopambana, ndipo munthu akhoza kukomoka. Njira yofatsa ndiyo kusakaniza theka la sipageti ndi theka la timaungu m'mbale imodzi.

Kalimidwe

Baby marrow sayanga monga dzungu la kumunda. Akula ngati citsamba pamalo amodzi, cotero ayenera dimba laling'ono. Akonda nthaka yofewa, yacondenso, yosasunga madzi, ndi malo oomba dzuwa tsiku lonse. Adani ace akulu ndi cisanu ndi mvula yocuruka. M'madambo mmene cisanu cigwa m'miyezi ya June ndi July mbeu zipserera usiku umodzi, ndipo m'miyezi ya January ndi February cinyezi cibweretsa matenda a masamba. Nthawi zabwino zobzala ndi August ndi September, kuzizira kutapita, kapena March ndi April, mvula iri kutha, m'malo osagwa cisanu.

Mlimi akumbe mapando otalikirana mita imodzi pakati pa mizere ndi masentimita 60 kufikira 90 mumzere. M'phando liri lonse athire manyowa oola bwino a m'khola, manja awiri odzaza, nawasakanize ndi dothi. Manyowa aawisi aocha mizu. Abzale njere ziwiri pa phando, kuya kwace masentimita awiri kapena atatu. Zimera patapita sabata limodzi kapena masiku khumi, ndipo zikatulutsa masamba apatulire, kusiya mmera umodzi wamphamvu.

Madzi athiridwe pa tsinde, osati pa masamba, ndipo m'mawa ndiyo nthawi yoyenera. M'cirimwe nkofunika kuthirira kawiri kapena katatu pa sabata kuti nthaka isaume. Udzu wouma woyalidwa mozungulira tsinde usunga cinyezi, uletsa maudzu kumera, ndipo timaungu sitigona pa dothi.

Pa citsamba cimodzi pamera maluwa a mitundu iwiri. Duwa lalimuna liri pa kaphesi koonda, ndipo lalikazi liri ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwace. Duwa litseguka m'mawa umodzi wokha, ndipo njuci ndizo zinyamula ufa wa lalimuna kupita nao ku lalikazi. Timaungu tikamafota tikali tating'ono ndi kugwa, kawiri-kawiri cifukwa cace ndi kusowa kwa njuci. Pamenepo mlimi athyole duwa lalimuna m'mamawa, acotse masamba a duwalo, nakhudzitse mtima wace pakati pa duwa lalikazi. Maluwa aamuna otsala aphikidwa monga ciluwe ca maungu.

Tizirombo ndi matenda

Nchenche ya maungu iboola kadzungu ndi kuikira mazira m'kati, ndipo mphutsi zace ziolesa cipatso. Timaungu tonse tolasidwa tithyoledwe ndi kukwiriridwa m'dzenje lakuya, tisatayidwe pambali pa dimba pamene mphutsi zidzasanduka nchenche zina. Nsabwe za mbeu zibisala kunsi kwa masamba, ndipo zinyamula nthenda yopiringiza masamba ndi kuwacititsa mawanga acikasu. Nthenda imeneyi iribe mankhwala, ndipo citsamba codwala cizulidwe msanga. Palinso nthenda yooneka ngati ufa woyera pa masamba, imene ikula pamene mbeu zathithikana. Kutalikitsa mapando ndi kucotsa masamba okalamba kuicepetsa. Mlimi asabzale baby marrow pamene panali maungu, nkhaka kapena mavwende nyengo yathayo, popeza zonsezi zidwala matenda amodzi-modzi. Ngati kupopera mankhwala kwafunika, kucitike madzulo njuci zitapita, ndipo masiku olembedwa pa botolo akwane asanayambe kuthyola.

Kuthyola

Timaungu toyamba tipsa patapita masiku 45 kufikira 60 cibzalire. Tidulidwe ndi mpeni pamene tatalika masentimita 10 kufikira 20, khungu likali lofewa ndi lonyezimira, ndi kusiya kaphesi kafupi. Nkofunika kuyendera dimba masiku awiri kapena atatu ali onse, cifukwa tikula mofulumira kwambiri. Paja akulu anati zengerezu analinda kwaukwau. Kadzungu kosiyidwa sabata limodzi kasanduka cidzungu ca njere zolimba cimene ogula sacifuna, ndipo citsamba cimene calemedwa naco cileka kubala tina. Popeza khungu lace silicedwa kukalika, timaungu tiikidwe m'dengu loyalamo masamba ndi kusungidwa pa mthunzi.

Kudula tizingwe

Totalika masentimita 15 kufikira 20 ndito toyenera nchito iyi. Mai atitsuke ndi madzi oyera, adule nsonga zonse ziwiri, koma asasende khungu, cifukwa ndilo ligwira tizingwe kuti tisaduke-duke ndipo liri ndi zofunika m'thupi. Alipo makina opota ogulitsidwa m'masitolo, koma mpeni wakuthwa ukwanira. Kadzungu kalengedwe m'litali mwace m'mapande opyapyala, mapandewo asanjikizidwe atatu kapena anai, ndi kulengedwanso m'litali kuti patuluke tizingwe tonenepa ngati ndodo ya macisi. Kampeni kosendera mbatata katulutsa timalamba topyapyala timenenso tiphikika bwino. Mtima wa pakati wokhala ndi njere ndi wofewa ndi wamadzi, cotero upatulidwe ndi kuponyedwa mu mphika wa ndiwo zina. Munthu wamkulu mmodzi afuna timaungu tiwiri, popeza tizingwe tifota pa moto.

Kaphikidwe

Bvuto lalikulu la cakudya ici ndi madzi. Wophika mosasamala apeza phala lamadzi m'malo mwa tizingwe. Pofuna kupewa ici, tizingwe tiikidwe m'licero loyera, tiwazidwe mcere pang'ono, ndi kusiyidwa mphindi 15 kapena 20. Mcere ukoka madzi, ndipo pambuyo pace tifinyidwe mofatsa m'nsalu yoyera. Ngati pakhomo pali wodwala nthenda ya kuthamanga kwa magazi, titsukuluzidwe ndi madzi tisanafinyidwe, ndipo mu msuzi musaonjezedwe mcere wambiri.

Ciwaya cacikulu cikhale pa mbaula ya makala oyaka bwino, ndi sipuni imodzi ya saladi. Mafuta akatentha tizingwe tiponyedwemo pang'ono-pang'ono, osadzaza ciwaya, ndi kutembenuzidwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Cibvundikiro cisaikidwe, cifukwa nthunzi ibwerera m'ciwaya ndi kufewetsa zonse. Tapsa pamene tipindika koma tikali kulimba pang'ono polumidwa. Wosafuna mafuta akhoza kutibviika m'madzi owira mphindi imodzi ndi kutitsanulira m'licero. Cidulo kapena soda zisathiridwe konse, popeza zisungunula tizingwe ndi kuononga vitamini C.

Timaungu patokha tiribe kukoma kwambiri, ndipo zomanga thupi zirimo zocepa, galamu imodzi ndi pang'ono m'magalamu 100. Cifukwa ca ici msuzi wace ukhale wa nsomba, nyama, mazira, nyemba kapena nsinjiro. Kapenta wokazinga ndi matimati ndi anyezi ayenera bwino, cimodzi-modzinso nyemba zophika bwino, nkhuku yoduladula, kapena matimati otendera ndi nsinjiro. Msuzi uphikidwe pawokha kufikira utalimba, ndipo uthiridwe pa tizingwe pa nthawi yakudya yeni-yeni. Cakudya ici sicigona. Cikakhalitsa cituluka madzi, cotero ciphikidwe cokwanira nthawi imodzi.

Cenjezo

Nthawi zina kadzungu kapezeka kowawa ngati ndulu. Kuwawako ndi cizindikiro ca ululu wochedwa cucurbitacin, umene sutha ndi moto, ndipo ucititsa kusanza, kupotokola kwa m'mimba ndi kutsegula koopsa. M'caka ca 2015 nkhalamba ina ku Germany inamwalira itadya timaungu towawa ta m'dimba. Wophika alawe kacidutswa ka kadzungu kali konse asanadule, ndipo kowawa katayidwe konse. Ululu umenewu upezeka kawiri-kawiri m'mbeu zosungidwa pakhomo kapena zomera zokha, ndi pamene citsamba cabvutika ndi kutentha ndi ludzu. Ici ndi cifukwa cimodzi cogulira mbeu zatsopano m'sitolo ya zaulimi. Cifukwa cina ndi cakuti mbeu zambiri zogulitsidwa ndi za haibridi, zimene zikabzalidwa kaciwiri sizibala monga poyamba, monga momwe cicitira cimanga ca haibridi.

Za msika

Baby marrow sali ngati dzungu lokhwima limene likhala miyezi pa tsindwi. Afota m'masiku owerengeka, ndipo kumidzi ogula ace akali ocepa. Mlimi wanzeru ayamba wapeza wogula asanabzale, kaya ndi mahotela, nyumba za alendo kapena masitolo a m'tauni yapafupi, ndi kufunsa msinkhu umene afuna. Ayambe ndi mapando 20 kapena 30, ndi kubzala ena pakapita masabata atatu ali onse, kuti timaungu tisapsere pamodzi. Totsala pa malonda sititayika, popeza tiphikidwa ndi matimati kapena nsinjiro monga ndiwo za banja lonse.

Alimi ofuna kudziwa mtundu wa mbeu woyenera dera lao, ndi mankhwala ololedwa pa ndiwo za m'dimba, aonane ndi Mlangizi wa Malimidwe wa kufupi ndi kwao. Odwala shuga ofuna kusintha kadyedwe kao akafunse a zaumoyo ku cipatala cao.