Nthaka ya m'munda ndi matenda a mtima: zimene akatswiri apeza m'chimanga

CHIDZOLOMONDO, Macanga. Chimanga cha m'minda iwiri chikhoza kufanana maonekedwe ndi kudzaza nkhokwe mofanana, koma n'kusiyana kwambiri pa michere imene chimapereka m'thupi. Izi n'zimene akatswiri a zaulimi ndi a zaumoyo akhala akupeza kutsidya kwa malire, ku Malawi, ndipo nkhaniyi ikukhudza alimi a kuno ku Macanga ndi ku Tsangano chifukwa nafenso timadalira nsima ya chimanga cholima tokha.

Mchere umene wafufuzidwa kwambiri ndi seleniyamu. Thupi limaufuna pang'ono zedi, pafupifupi maikulogalamu 55 pa tsiku kwa munthu wamkulu. Maikulogalamu imodzi ndi kagawo kamodzi mukagawa galamu m'magawo miliyoni, kutanthauza kanthu kosaoneka ndi maso. Komabe thupi limaugwiritsa ntchito poteteza minofu kuti isaonongeke, kuphatikizapo mnofu wa mtima, komanso pa ntchito ya chithokomiro. Vuto n'lakuti chimanga sichifuna seleniyamu kuti chikule. Ukasowa m'nthaka masamba sachita chikasu, zokolola sizichepa, ndipo mlimi alibe choonera.

Mu 2011, Dr Allan Chilimba wa ku Malawi pamodzi ndi anzake a ku yunivesite ya Nottingham ku England anafalitsa zotsatira za chimanga chimene anatola m'madera osiyanasiyana a dzikolo. Anapeza kuti chimanga cha m'nthaka yakuda ya makande, monga ya kuchigwa cha Shire, chinali ndi seleniyamu wochuluka mpaka kakhumi kuposa cha m'nthaka ya asidi ya kumtunda. Chifukwa chake chili m'nthaka momwemo. Pamene nthaka ili ndi asidi wambiri, seleniyamu amamatirira ku tizitsulo timene timapatsa katondo mtundu wake wofiira, ndipo mizu imalephera kumukoka. Pamene asidi ndi wochepa, mcherewu umasungunuka m'madzi n'kukwera mu mbewu mosavuta.

Kenako anayeza anthu. Kafukufuku amene anatuluka mu 2013 anayerekeza amayi a ku Zombwe m'boma la Mzimba, kumene nthaka ili ya asidi, ndi amayi a ku Mikalango m'boma la Chikwawa, kumakande. Magazi a amayi a ku Zombwe anali ndi seleniyamu wosafika theka la amene anapezeka mwa amayi a ku Mikalango. Onse ndi alimi a kumudzi odya za m'munda mwawo. Mu 2021 magazini ya sayansi ya Nature inafalitsanso mapu osonyeza kuti michere ya m'mbewu za ku Malawi ndi Ethiopia imasintha kutengera dera limene zalimidwa.

Nanga mtima ukulowamo bwanji? Umboni wamphamvu unachokera ku China. Mu 1935, m'boma la Keshan m'chigawo cha Heilongjiang, munabuka matenda amene ankafooketsa ndi kutupitsa mtima, makamaka kwa ana ndi amayi a msinkhu wobereka, ndipo ambiri anamwalira. Patapita zaka kunadziwika kuti matendawa ankapezeka m'madera amene nthaka yake inali yosowa seleniyamu kotheratu, ndiponso kuti kachilombo kena kankathandizira. M'zaka za m'ma 1970 ana atayamba kupatsidwa seleniyamu, odwala anachepa kwambiri.

Dziko la Finland nalo lili ndi nthaka ya asidi. Kafukufuku wa mu 1982 anaonetsa kuti anthu a kumeneko amene anali ndi seleniyamu wochepa m'magazi ankafa kwambiri ndi matenda a mtima, ndipo kuyambira mu 1984 boma linalamula kuti mcherewu uziikidwa m'feteleza. Seleniyamu anakweradi m'tirigu, m'mkaka, m'nyama ndi m'magazi a anthu. Imfa za mtima zinatsikanso, koma apa m'pofunika kusamala. Zinali zitayamba kale kutsika, ndipo akatswiri a kumeneko amati chachikulu chinali kusiya fodya, kuchepetsa mafuta a nyama ndi mchere, komanso kulandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Kumayiko kumene anthu amadya mokwanira, mayeso opatsa anthu mapiritsi a seleniyamu sanaonetse kuti amaletsa matenda a mtima. Choncho kusowa kwambiri kwa mcherewu kumavulaza mtima, koma kuonjezera kwa munthu amene ali nawo kale sikumuteteza. Ukachuluka, kupitirira maikulogalamu 400 pa tsiku, umasanduka poizoni, tsitsi n'kumathothoka ndi zikhadabo n'kumaphwanyika. Amene angakuuzeni pamsika kuti mugule mapiritsi otere kuti mtima ulimbe akungofuna ndalama zanu.

Njira ya feteleza ija inayesedwanso pafupi nafe. Mu 2019, m'dera la mfumu yaikulu Wimbe ku Kasungu, amayi 180 ndi ana a sukulu 180 analowa m'kafukufuku amene anachitika mogwirizana ndi yunivesite ya zaulimi ya LUANAR. Mabanja ena analandira ufa wa chimanga cholimidwa ndi feteleza wa seleniyamu, ena ufa wamba, popanda kudziwa kuti alandira uti. Patapita milungu ingapo, mwa amayi odya ufa woyambawo seleniyamu anakwera kuchoka pa maikulogalamu pafupifupi 58 kufika pa 108 m'lita imodzi ya madzi a m'magazi. Kwa odya ufa wamba sikunasinthe kwenikweni. Kafukufukuyu anayeza mchere m'magazi basi, sanawerenge odwala mtima. Ndiponso magalamu ochepa chabe ndi amene amafunika pa hekitala, kotero si ntchito yoti mlimi asakanize yekha pakhonde; imafuna fakitale ndi lamulo la boma. Ine ndikuona kuti apa pali ntchito yoyenera bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IIAM ndi sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulónguè: kuyeza nthaka ndi chimanga cha m'mapiri muno, kumene mvula imagwa yambiri ndipo katondo ali paliponse.

Pakadali pano chimene chikuopseza mitima ya anthu ambiri ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kuchipatala amati tensão alta. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, anthu 33 pa 100 alionse anali ndi vutoli mu 2005, ndipo pofika 2015 anali 39 pa 100. Odziwa kuti ali nalo sankafika n'komwe mmodzi pa asanu. Ambiri amadzadziwa atagwa kale ndi sitiroko, mkono ndi mwendo zitafa.

Pa vuto limeneli mchere wa m'mbewu umene uli ndi umboni wokwanira ndi potaziyamu, amene amathandiza impso kutulutsa mchere wa sodiyamu ndi kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Mwayi wake, umapezeka m'zimene timalima kale: kachewere wa ku Tsangano, nyemba, mbatata, nthochi, nkhwani ndi chisoso. Mgaiwa nawo umasunga michere yambiri imene ufa woyera umataya pokonola. Okhawo amene ali ndi matenda a impso ayenera kufunsa kaye kuchipatala asanachulukitse zakudya za potaziyamu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, limene kuno timalidziwa kuti OMS, limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Muyezo umenewu ukuphatikiza caldo wothira m'ndiwo ndi soda wophikira therere, pakuti zonsezi zili ndi sodiyamu. Nsomba ndi mazira zimapereka seleniyamu wabwino, ndipo kapenta wa ku Cahora Bassa amafika m'misika yathu. Koma nsomba ya chicoa imabwera itadzaza mchere. Iviikeni m'madzi, muwataye kawiri kapena katatu, ndipo pophika musathirenso mchere wina.